Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: za mwana amene khunyu lake silimva mankhwala

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo,
Capital Hill,
Lilongwe.

Olemekezeka,

Ndikulemba kuchokera kuno kwa Champiti, m'boma la Ntcheu, pa nkhani imene pa tebulo lanu ingaoneke yaing'ono mukaiika pambali pa kolera, malungo ndi kusowa kwa mankhwala. Ndi nkhani ya ana ndi achinyamata odwala khunyu amene mapiritsi athu a masiku onse sawagwira, amenenso piritsi lina mwa omwewo lingawaphe. Sindikupempha makina a MRI kwa Champiti, ngakhale pa boma pa Ntcheu. Pempho langa n'lakuti pakhale njira yodziwika yochokera pa benchi la chipatala chaching'ono cha kumudzi kukafika pa makina amene dziko lino lili nawo kale, ndiponso kuti mafunso angapo azifunsidwa mwana asanapatsidwe sodium valproate.

Khunyu lambiri limamva mankhwala. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo mwa khumi alionse, asanu ndi awiri angathe kusiyiratu kugwa atapimidwa bwino n'kumamwa mankhwala mosadukiza. Ife tidaziona kalekale zimenezi. Mu 1989 Dr Watts wa pa chipatala cha Embangweni ku Mzimba adalemba m'magazini ya madokotala ya ku Britain momwe anthu akumudzi ankathandizikira ndi mapiritsi otsika mtengo, malinga wina awafotokozere bwino n'kuonetsetsa kuti mankhwala sakutha. A Sue Ryder Foundation nawo akhala akuyendera odwala matenda akugwa m'midzi ya ku Balaka ndi kuno ku Ntcheu. Zoyambitsa zikuluzikulu tikuzidziwa: mwana kubanika pobadwa, malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu pa ngozi za kabaza, ndi nyongolotsi ya nkhumba, imene ofufuza adaipeza yochuluka ku Angónia, kungodumpha malire athu ndi Mozambique. Kafukufuku wa Dr Gretchen Birbeck ndi anzake ku Blantyre, wosindikizidwa mu 2010, adatsatira ana 132 opulumuka malungo a mu ubongo. Mwa iwo, 12 adadzayamba khunyu, pamene mwa ana 264 owayerekeza nawo padalibe ndi mmodzi yemwe. Ndalama zambiri zipite kumeneko ndithu: ku maneti, kwa azamba, ndi ku phenobarbitone wosatha m'nkhokwe za Central Medical Stores Trust. Pa izo ndilibe mawu.

Tiyerekeze tsopano mwana wina pa mzere wa kiliniki ya khunyu. Adabadwa bwino, adalira, adayamwa, adakhala pansi pa nthawi yake, adayamba kukwawa. Ali ndi miyezi khumi adatsegula m'mimba, thupi n'kutentha. Kutsegulako kudatha, koma mwana sadabwererenso mwakale. Khosi lidafooka, mutu n'kumalendewera, maso n'kumayendayenda okha, kuyamwa n'kumamutsamwitsa, kupuma n'kumasinthasintha, kenaka kukomoka. Akachira pang'ono, malungo ena amabwera n'kumutsitsanso. Kapena tiyerekeze mtsikana wa Sitandade 7, wamfupi kuposa anzake, wowonda, wotopa msanga akapita kotunga madzi. Tsiku lina mutu umamuwaza mpaka kusanza, amaona timagetsi tikuthwanima, amagwa, ndipo akatsitsimuka saona zinthu za mbali imodzi. Patapita milungu amayamba kuonanso. Patapita miyezi zimabweranso, koma mbali inayo. Mayi ake ali ndi shuga ngakhale ndi owonda, ndipo malume ake adagontha makutu asanafike zaka 40.

Kumudzi kuno nkhani zotere zili ndi mayankho ake okonzeratu. Ena amati bambo ake adamukhwimira kuti golosale iyende. Ena amaloza agogo a mbali inayo ya mudzi. M'kabuku ka kuchipatala mumalembedwa malungo, ulendo wina khunyu, ulendo wina kupuwala kobadwa nako, ndipo aliyense wolemba amakhala wanena zoona za tsiku limenelo. Chimene chimasowa ndi munthu wotsegula masamba onse a kabukuko n'kufunsa chifukwa chake mwana amene ankakwawa wasiya kukwawa.

Madokotala amati zizindikiro zotere zikakumana, mwa zina zoyenera kuganizira ndi matenda a mitokondiriya. Thupi lidapangidwa ndi maselo, ndipo pafupifupi m'selo iliyonse muli timbaula tating'onoting'ono, mazanamazana kapena masauzande, tomwe dzina lake ndi limenelo. Nsima imene tadya ikasanduka shuga m'magazi, imakapsa m'timbaulato pamodzi ndi mpweya umene timapuma, thupi n'kupeza mphamvu. Timbaulato tikakhala ndi chilema chibadwire, moto suyaka bwino, umangofuka, ndipo utsi wake ndi asidi wotchedwa lactate amene amachuluka m'magazi ndi m'madzi a mu ubongo. Ziwalo zodya mphamvu zambiri ndizo zimayamba kudandaula: minofu, mtima, chiwindi, makutu, maso, chiwalo chopanga insulin, koma makamaka ubongo, umene kulemera kwake ndi magawo awiri okha pa 100 alionse a thupi koma umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zonse. N'chifukwa chake mwana wotere amatha kuoneka wabwinobwino mpaka tsiku limene thupi latentha, watsegula m'mimba, kapena wagona ndi njala. Pamenepo thupi limafuna mphamvu zoposa zimene lingapange, mbali ina ya ubongo n'kugonja.

Matenda a khanda lija adawafotokoza koyamba dokotala wa ku London, Denis Leigh, mu 1951, ndipo amadziwika ndi dzina lake. Amagwira mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 40,000 obadwa. A mtsikana uja amatchedwa MELAS. Adapatsidwa dzinali mu 1984, ndipo mu 1990 ofufuza a ku Japan adapeza kuti odwala ambiri, pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi, ali ndi chilembo chimodzi chokha cholakwika pa malo a nambala 3243 mwa zilembo 16,569 za DNA ya mitokondiriya. Mitundu yonse ya matendawa ikaphatikizidwa, ofufuza a ku Ulaya amapeza munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 5,000. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 650,000 m'boma la Ntcheu. Chiwerengero cha ku Ulayacho chitakhala chimodzimodzi kuno, ndiye kuti m'boma lino lokha muli anthu oposa 100 okhudzidwa. Wina anganene kuti awa ndi matenda a azungu. Mu 2018 ofufuza a ku Cape Town adafotokoza za makanda 24 a ku South Africa, ana a anthu akuda, amene adali ndi cholakwika chimodzimodzi pa kachigawo ka DNA kotchedwa MPV17, chowononga chiwindi ndi ubongo. Ife a kwa Gomani, amene makolo athu adawoloka Zambezi kuchokera kummwera komweko, sitingaimve nkhani imeneyi ngati ya alendo.

Ndipotu, Olemekezeka, unduna wanu udakumanapo kale ndi mitokondiriya yodwala, ngakhale anthu wamba sitinkaitchula dzina. Kuyambira mu 2004, pamene boma lidayamba kugawa ma ARV aulere m'dziko lonse, anthu ambiri ankamwa Triomune, momwe mudali stavudine. Mankhwalawo adadzutsa anthu amene achibale adali atataya kale mtima. Koma aliyense amene adagwirapo ntchito pa kiliniki ya ma ARV zaka zimenezo akukumbukira odwala odandaula dzanzi ndi kutentha kwa mapazi, masaya olowa, ndi ena ochepa amene ankafika akusanza, akupuma mwabefu, magazi atadzaza lactate. Stavudine amatsekereza ntchito ya puloteni yotchedwa polymerase gamma, imene imakopera DNA ya mitokondiriya. Unduna udaona, udamva, n'kusintha: mu 2011 amayi oyembekezera ndi oyamwitsa adayamba kulandira mankhwala okhala ndi tenofovir, ndipo m'zaka zotsatira stavudine adachotsedwa kwa onse. Choncho m'zipatala zathu muli makiliniko ndi anamwino amene maso awo adaona kale momwe munthu amaonekera mitokondiriya yake ikalephera.

Pali ana amene amabadwa polymerase gamma yomweyo ili yolumala kale, chifukwa cha cholakwika pa kachigawo ka DNA kotchedwa POLG. Matenda awo, otchedwa Alpers, kawirikawiri amayamba ndi khunyu lokana mankhwala, nthawi zina dzanja limodzi kapena mbali imodzi ya nkhope n'kumangogwedezeka maola ngakhale masiku osaleka. Apa ndi pamene pali msampha. Kiliniko wachifundo akaona kuti phenobarbitone walephera, carbamazepine walephera, dzanja lake limapita pa sodium valproate, ndipo kwa ana ambiri amakhala wachita bwino, pakuti valproate ndi mankhwala amphamvu amene athandiza anthu osawerengeka. Koma kwa mwana wa POLG mankhwalawa amatha kuwonongeratu chiwindi m'milungu kapena miyezi yochepa. Maso amasanduka achikasu, amasanza, amangogona, n'kumwalira. Akuluakulu oona za mankhwala ku America ndi ku Ulaya adalamula kuti chenjezo limeneli lizilembedwa pa chikalata cha mankhwalawa: asaperekedwe kwa wodwala wa POLG, ndiponso kwa mwana wosakwana zaka ziwiri amene akuganiziridwa kuti ali ndi matenda a mitokondiriya. Kuno mwana wotere akamwalira, pa maliro timangomva kuti adadwala chikasu.

Popeza kalatayi aiwerenganso makolo, ndinene mosapsatira: amene mwana wanu akumwa valproate ndipo akupeza bwino, musamusiyitse nokha. Kusiya mankhwala a khunyu mwadzidzidzi kumabweretsa kukomoka kosalekeza kumene kumapha. Ngati zimene ndafotokozazi zikufanana ndi za mwana wanu, pitani nazo kwa adokotala mukakambirane.

Nanga chithunzi cha ubongo chimathandiza chiyani? Sitiroko wamba, amene timamuona kwa akuluakulu a BP, amachitika mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena ukaphulika. Ukatsekeka, dera limene unkadyetsa limafa, ndipo pa chithunzi banga lake limathera pa malire a mtsemphawo. Pa MELAS sizitero. Mitsempha imakhala yotseguka, koma banga limadumpha malire a mitsempha iwiri, makamaka kunkhongo, kumene kuli mbali ya ubongo yoona, ndi cham'mbali pamwamba pa makutu. Mwana akajambulidwanso patapita miyezi, banga loyamba limapezeka litazilala kapena litasiya chipsera, lina litatulukira kwina. Timagetsi tothwanima tija ndi khungu la mbali imodzi lija zimachokera pamenepo. Akatswiri ambiri lero amaona kuti kukomokako ndi kumene kumakulitsa bangalo, chifukwa maselo a ubongo amene akukomoka amafuna mphamvu zambiri pa nthawi imene alibe. Ndiye kuti ola lililonse limene mwana wotere wakhala akukomoka pa njira kapena pa mzere, ubongo ukunka nuwonongeka. Kukomoka kwina sikuoneka n'komwe ndi maso. Mwana amangosokonezeka kapena kuyang'ana malo amodzi, ndipo ndi makina a EEG okha, oyeza magetsi a mu ubongo, amene angakugwire.

Pa matenda a Leigh chithunzi chimakhala china. Mabanga amaoneka awiriawiri, kumanja ndi kumanzere mofanana, mkatikati mwa ubongo pa malo otchedwa basal ganglia, oyendetsa kayendedwe ka ziwalo, ndi pa tsinde la ubongo, limene limalamulira kupuma ndi kumeza. Makina a MRI amphamvu amathanso kuonetsa lactate ali mu ubongo momwemo. Ngakhale CT, imene ndi yosavutirapo kuipeza m'zipatala zazikulu, ili ndi ntchito yake. Imaonetsa timiyala ta kashiamu timene timapezeka pa basal ganglia mwa odwala ena a MELAS, komanso imasiyanitsa ndi zinthu zina zofala kwambiri monga chotupa, magazi okha mkati mwa mutu, kapena timatumba ta nyongolotsi ya nkhumba, timene tili ndi mankhwala ake.

Dziko lathu lili ndi mbiri yonyaditsa pa zojambula ubongo wa ana, ndipo anthu ambiri kumidzi kuno saidziwa. Mu 2008 makina oyamba a MRI m'Malawi adaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kudzera mwa Dr Terrie Taylor wa Blantyre Malaria Project ndi yunivesite ya Michigan State, mothandizidwa ndi kampani ya General Electric. Mphamvu ya maginito ake idali 0.35 tesla, yochepa poyerekeza ndi 1.5 kapena 3 za m'zipatala za mayiko olemera. Komabe ndi makina amenewo, ndi maso a Dr Sam Kampondeni ndi anzake owerenga zithunzizo, amene adayankha funso limene lidazunguza madokotala kwa zaka zambirimbiri, loti malungo a mu ubongo amapha bwanji mwana. Mu 2015 zotsatira zake zidatuluka m'magazini ya New England Journal of Medicine. Mwa ana 168, amene adamwalira adali 25, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo udali utatupa kwambiri mpaka kupanikiza tsinde lolamulira kupuma. Dziko lonse lidaphunzira kwa ana a ku Malawi. Mu 2022 madokotala a pa Queen Elizabeth pomwepo adalembanso za makina ena aang'ono a MRI, a 0.064 tesla, oyenda pa matayala mpaka pa bedi la wodwala, ongofuna soketi wamba ya magetsi.

Kafukufuku yemweyo wa ku Blantyre ali ndi phunziro lina lokhudza mwana wanga woyerekeza uja. Mu 2004 Dr Taylor ndi anzake adalemba zimene adapeza atapima matupi a ana 31 amene aliyense ankakhulupirira kuti aphedwa ndi malungo a mu ubongo. Asanu ndi awiri mwa iwo adali atafa ndi matenda ena, tizilombo ta malungo tidangopezeka m'magazi mwawo monga timapezekera mwa ana ambiri nthawi ya dzinja. Ndi chifukwa chake madokotala amayang'ana m'kati mwa diso, momwe Dr Susan Lewallen adapeza zizindikiro zosiyanitsa malungo enieni a mu ubongo ndi kukomoka kwina. Ndiponso zithunzi za ana 120 zofotokozedwa mu 2012 zidaonetsa kuti malungo a mu ubongo nawo amakonda kukhudza basal ganglia, malo omwe aja a matenda a Leigh. Mukuona momwe nkhani imapotanira. Malungo ndi amene amagwetsa mwana wa mitokondiriya yofooka, malungo omwewo ndi amene amalembedwa m'kabuku, ndipo ngakhale pa chithunzi awiriwa amatha kufanana. Chowasiyanitsa ndi mbiri ya mwanayo ndi ya abale ake, ndipo mbiriyo ili kumudzi, m'kamwa mwa mayi ndi agogo. Makina ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, mbiri ili kuno, ndipo ife a Ntcheu tili pakati penipeni pa mizinda iwiriyi, makilomita oposa 100 mbali iliyonse.

Ndikudziwa funso limene akuluakulu a zachuma mu unduna wanu angafunse, ndipo si funso lopusa. Matenda a mitokondiriya alibe mankhwala ochiza. Tiwonongerenji mafuta a ambulansi ndi nthawi ya makina pa mwana amene sitingamuchize? Yankho loyamba ndalipereka kale: kudziwa kumamuteteza ku mankhwala omupha. Wodwala MELAS amene ali ndi shuga ayeneranso kusamala ndi metformin, amene amatha kukweza lactate. Lachiwiri n'lakuti chisamaliro chimasintha. Banja lodziwa limathamangira kuchipatala thupi likangotentha, silimulola mwana kukhala nthawi yaitali osadya, ndipo namwino wodziwa amamuika diripi ya shuga msanga n'kuthana ndi kukomoka kusanatalike. Lachitatu ndi limene limandikhudza kwambiri. Mu 1998 madokotala a ku Saudi Arabia adafotokoza matenda ena amene pa chithunzi amafanana kwambiri ndi a Leigh, mabanga awiriawiri pa basal ganglia, koma amene amamva mavitamini awiri, biotin ndi thiamine. Akapatsidwa msanga, ana ambiri amadzuka n'kuyendanso. N'chifukwa chake madokotala ambiri akaona chithunzi chotere amayamba kupereka mavitaminiwo akudikira zotsatira zina. Thiamine ndi vitamini B1, wotsika mtengo kuposa mankhwala ambiri a m'nkhokwe zanu. Mwana wosajambulidwa sadzapatsidwa mwayi umenewo.

Lachinayi likukhudza mtendere wa pamudzi. Mitokondiriya ili ndi DNA yakeyake, ndipo mwana amaitenga kwa mayi yekha. Mwamuna wodwala MELAS sapatsira ana ake, koma mkazi amatha kupatsira ana ake onse, ena kwambiri, ena pang'ono, kotero kuti m'mimba imodzi wina amangogontha makutu, wina amadwala shuga, wina amagwa khunyu, wina osadwala konse. Kuno ku Ntcheu, kumene mabanja ambiri amawerenga ubale kuchikazi, mzere umenewu ndi mbumba yeniyeni. Mwinimbumba aliyense angakuuzeni ana a alongo ake amene adamwalira ali aang'ono, amene adasiya kumva, amene ankagwa. Ku Ulaya madokotala amavutika kulondoloza mzere wa kuchikazi, kuno ungofunika kufunsa. Safunsa adadya phula. Koma funsoli likufunika pakamwa pophunzitsidwa, chifukwa likafunsidwa mosasamala, mwamuna adzanyamula katundu wake n'kunena kuti kuchipatala atsimikiza kuti vuto ndi la mkazi. Wofunsayo ayenera kudziwa ndi kunena momveka kuti matenda ambiri a mitokondiriya mwa ana, kuphatikizapo Alpers, MPV17 ndi mitundu yambiri ya Leigh, amabwera pamene bambo ndi mayi onse awiri apereka kachigawo kolakwika, iwo eni ali bwinobwino. Ndipo ngakhale pamene zadzera kwa mayi, iyenso adangolandira kwa amayi ake. Banja limene lafotokozeredwa chonchi silitha mbuzi ndi chimanga kwa asing'anga, ndipo gogo wosalakwa sathamangitsidwa pamudzi.

Tsono zimene ndikupempha ndi izi. M'buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala la Malawi Standard Treatment Guidelines, ndi m'maphunziro a makiliniko, anamwino ndi alangizi azaumoyo, mukhale ndime yaifupi ya zizindikiro zochenjeza: mwana wotaya zimene ankatha kale kuchita, khunyu lokana mitundu iwiri ya mankhwala omwedwa moyenera, kufooka kobwera thupi likatentha, sitiroko mwa mwana kapena wachinyamata, vuto la chiwindi, ndi kugontha, shuga kapena imfa za ana mwa abale. Zikaoneka zimenezi, valproate adikire mpaka mwana ataonedwa ndi dokotala wa ana. M'maboma ambiri odwala khunyu amaonedwa ndi anamwino a matenda a maganizo. Ntchito amaigwira ndi mtima wonse, koma mwana amene vuto lake lili mu ubongo, m'chiwindi ndi m'makutu nthawi imodzi akufunika khomo lina lolowera.

Kiliniko amene mwamuletsa valproate mumupatse china choti agwire. Levetiracetam salemetsa chiwindi ngati valproate, ndipo ndi mmodzi mwa mankhwala amene akatswiri amasankha pa khunyu la mitokondiriya. WHO idamuika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2023, ndipo adayesedwapo kale ku Blantyre pa ana a malungo a mu ubongo. Sitikufunika makatoni ambiri, koma pa chipatala cha boma lililonse asasowe. Pomwepo pakhalenso kamakina ka m'manja koyezera lactate, kofanana ndi koyezera shuga, pokumbukira kuti lactate amakweranso pa malungo aakulu ndiponso munthu akangokomoka kumene, choncho woyeza abwereze mwana atakhazikika.

Chachikulu ndi njira ija. Lero kalata yotumizira wodwala ku chipatala chachikulu imasiya zonse m'manja mwa mayi: ndalama ya minibasi pa msewu wa M1, kogona, chakudya, ndi mwayi woti akafika apeze tsiku lojambula lilipo. Mayi wolima kachewere ndi kabichi sangapite kawiri. Pakhale nambala ya foni imene kiliniko wa pa boma angaimbe n'kupatsidwa tsiku lenileni, mwana n'kukwera ambulansi imene ikupita kale. Makolo alimbikitsidwe kujambula kanema wa pa foni mwana akamakomoka, pakuti dokotala amaphunzira zambiri pa kanema wa mphindi imodzi kuposa pa kufotokoza kwa theka la ola. Akajambulidwa, zotsatira zibwerere kuno. Zilembedwe pa tsamba loyamba la kabuku ka kuchipatala ndi zilembo zazikulu, kuphatikizapo mankhwala oletsedwa, ndipo wina akhale pansi ndi banjalo n'kulifotokozera m'Chichewa. Chithunzi chimene chatsala m'kompyuta ya mumzinda sichithandiza namwino wa usiku amene mwanayo adzamufikire miyezi itatu ikubwerayi.

Pomaliza, sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ipatsidwe udindo wosunga kaundula wa ana oganiziridwa matendawa, ndi mgwirizano ndi malo oyezera DNA a ku South Africa kuti magazi a ena mwa iwo azitumizidwa kumeneko. Ku Newcastle, ku Britain, madokotala adalengeza mu 2025 kuti ana asanu ndi atatu abadwa kudzera mu njira yogwiritsa ntchito mitokondiriya ya mayi wina pofuna kupewa matendawa. Zimenezo n'zakutali ndi ife, ndipo sindikuzipempha. Ife tiyambe ndi kuwerenga ana athu.

M'mwezi wa May 2022 mayiko a m'bungwe la WHO, Malawi ali momwemo, adavomereza ndondomeko ya zaka khumi ya khunyu ndi matenda ena a ubongo, yofika mu 2031, imene mwa zina ikufuna kuti chithandizo cha khunyu chifikire anthu ochuluka ndi theka kuposa momwe zidalili mu 2021. Pochulukitsa mankhwala, valproate adzafika m'zipatala zambiri zakumidzi, ndipo n'zabwino kuti atero, koma chenjezo lake lifike tsiku limodzi ndi katoni yake. Tsiku lokumbukira khunyu padziko lonse limakhala Lolemba lachiwiri la mwezi wa February. Ndikupempha kuti lisanafike lotsatirali, ofesi yanu itumize kalata ya tsamba limodzi kwa akuluakulu azaumoyo a m'maboma onse, yotchula zizindikiro zija, mankhwala oyenera kudikira, ndi nambala yoimba.

Ine wanu modzichepetsa,
Mwana wa kwa Champiti,
Ntcheu.